Mwendo wa Mbidzi Womira M'thanthwe

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kumva za moyo wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Msana uja unakusiyani, kapena mukuyendabe mopindika ngati mwataya singano? Kuno tikupuma ndithu. Bambo maso akunka nachepa mphamvu, koma pakamwa pokha mpakuthwabe.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pomwe foni ilipo. Foni yanu imagwiridwa ndi manja ambiri, ndipo nkhaniyi ndikufuna muiwerenge nokha.

Amuna anga anachoka pakhomo. Ino ndi sabata yachitatu akugona kwa akulu awo. Kuntchito amabwera, amayatsa makina athu osemera matabwa, koma ine amandiyankhula ngati kasitomala wobwera kudzafunsa mitengo. Wolakwa ndine, sindikana, koma imvani kaye mmene zinayendera.

Ntchito yathu mumaidziwa pamwamba chabe. Nyama zimene timasema timazigula pa intaneti, iliyonse payokha, zoumbidwa kale pa kompyuta. Zimenezo aliyense angagule. Changa ine ndi kuzisanja kuti zikhale chithunzi chimodzi: njovu iime pati, itumphuke bwanji pathabwa, mitengo ya kumbuyo iphwatalale motani kuti ioneke ili kutali. Chithunzi chimodzi chimandidya masabata atatu. Ndikamaliza, amuna anga amalowetsa fayiloyo m'makina, kampeni ka makinawo kamakokota thabwa tsiku lonse, kenaka bambo amasalaza ndi sandipepa uku akunyoza kuti mkango wa pa kompyuta uli ndi nkhope ya munthu amene sanagonepo ndi njala.

Miyezi iwiri yapitayo ndinadutsa mumsewu wa ogulitsa mipando. Pawindo la shopu ina yatsopano ndinaona chitseko chosemedwa njovu zikuoloka mtsinje. Achimwene, ndinaima n'kuyang'anitsitsa. Njovu zanga zija, mwana wake pambuyo, ngakhale kachitsa kamene ndinaika kumanzere pobisa malo opanda kanthu. Munthu mwana wako sumuiwala, ngakhale amuveke malaya a eni.

Chithunzi chotere sichibedwa ndi maso kapena kamera. Makina amafuna fayilo yeniyeniyo. Ndiye wakuba anali woti amalowa m'kachipinda kanga ka kompyuta.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mlonda. Bambo ndinawachotsapo, poti iwo kompyuta amaiopa ngati njoka. Anatsala awiri: mkulu wokonza makina uja timamuti Wamawaya, ndi amuna anga.

Wamawaya akabwera amapempha fayilo yoyesera makina, ndipo fulashi yake yosungira mafayilo sichoka m'thumba la malaya. Amuna anga nawo anali atayamba kuika foni chafufumimba patebulo, ikalira n'kutulukira panja. Mtima ukayamba kukayika, ngakhale kutsokomola kwa munthu kumamveka ngati chizindikiro.

Ndinatchera msampha. Ndinali kumaliza chithunzi chatsopano cha njati ndi mbidzi padziwe. Pa fayilo ya amuna anga ndinaika akakowa awiri pamsana pa njati. Pa ya Wamawaya ndinaika atatu. Ndinati chithunzicho chikatulukira kushopu ija, ndidzangowerenga mbalame.

Koma bambo ndi pakamwa pawo! Tsiku lina akusalaza thabwa limene Wamawaya anayesera makina, anafunsa mokweza kuti kodi akakowawa akuswana bwanji, poti dzulo anasalaza awiri lero atatu. Amuna anga anazimitsa makina, nayang'ana matabwa onse awiri, kenaka anayang'ana ine.

Anandifunsa mofatsa ngati nawonso ndawaika pa gulu la akuba. Pamenepo ndikanatha kugwada n'kupepesa. M'malo mwake ndinatulutsa zonse za kukhosi, za foni, za kutulukira panja, mpaka ndinafunsa kuti nsapato zatsopano zija zinachokera kuti. Iwo anatsegula foni n'kundipatsa m'manja. Munali mauthenga a akulu awo okha, okamba za matenda amene sanafune kuti abale amve msanga. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze.

Anavula ovolosi, nakung'untha utuchi, nanena pamaso pa bambo kuti zaka khumi ndi ziwiri adya nane m'mbale imodzi, ndipo sadzagonanso m'nyumba imene amawerengeredwa mbalame. Anati adzabwerera tsiku limene ndidzawauze dzina la wakubayo.

Masiku asanu ndi anayi apitawo, njati zija zinatulukira pawindo la shopu ija. Ndinapita osadziwa ngati ndikupempherera awiri kapena atatu. Pamsana pa njati panalibe kakowa ndi mmodzi yemwe.

Ndinayandikira mpaka mphuno kugunda galasi. Mbidzi ya kumanja mwendo wake wakumbuyo unamira m'thanthwe, ngati yaponda m'matope. Cholakwika chimenecho ndi changa. Ndinaiwala kukweza mbidziyo pamwamba pa mwala, ndiye ziwirizo zinalowana. Ndinakonza mawa lake lomwe, mbalame ndisanaziike n'komwe. Fayilo ya mwendo womirayo inakhala tsiku limodzi lokha, ndipo inapita kwa munthu mmodzi.

Mukukumbukira Loweruka lija munandiumiriza kuti nditumize chatsopano? Ndinakuuzani kuti sichinathe, inu n'kuti nditumize choncho. Nthawi zonse ndikakutumizirani chithunzi wamba mumakana, mumati mukufuna fayilo yeniyeni kuti ana aziitembenuza pa kompyuta aone luso la azakhali awo. Ine ndinali kunyada, kumatumiza mano ali pamtunda. Powerenga okayikitsa, inu simunabwere m'mutu mwanga ngakhale kamodzi.

Ndinafunsa mayi wosoka zovala pafupi ndi shopuyo kuti mwini wake ndani. Anandilozera bambo wina amene amatsitsa matabwa m'galimoto. Ndi mlongo wawo wa alamu, wamtali uja anavina pa ukwati wanu mpaka kung'amba buluku. Wanenepa, koma ndi yemwe uja.

Tsopano ndiuzeni, achimwene. Kodi ndi alamu amene amatenga mufoni mwanu inu osadziwa? Kodi munangotumiza mwachifundo, poganiza kuti fayilo si thabwa, siitha ukagawa? Kapena mumadziwa zonse, ndipo mau a luso la azakhali aja anali nyambo? Ndakayikira kale munthu wosalakwa, ndiye sindikufuna kuthamanganso. Koma mtima wanga sukundipatsa mtendere pa inu.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Dzulo amuna anga anaima pakhomo la kachipinda kanga n'kufunsa ngati ndamupeza munthu uja. Nkhope yawo inaoneka kuti akufuna kubwerera. Ine ndinayang'ana kompyuta n'kunena kuti ayi, sindinamupeze. Ndinawanamiza chifukwa cha inu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndikudziwa kuti bambo akamva, dzina lanu sadzalitchulanso m'nyumba muno.

Akulu awo andiuza kuti amuna anga apeza chipinda cha lendi, alowa mwezi ukatha. Akakangolowa mmenemo, banja langa latha.

Ndiye ndikupempha, ndagwira mwendo wanu. Aimbireni foni nokha, muwauze zimene zinachitika, zilizonse zimene zili. Muwauze ndi pakamwa panu, mwina adzakumverani chisoni n'kusunga nkhaniyi pakati pa amuna awiri. Za shopu ija sindikufunanso kulimbana nazo, azisema mbidzi yawo yolumalayo. Ine ndikufuna munthu wanga abwerere.

Mwezi ukatha musanaimbe, ndidzawauza ndekha, bambo ali pomwepo. Ndidzalira pokutchulani, koma ndidzakutchulani.

Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mtima wonena zoona. Ana muwapatse moni, muwauze kuti azakhali awo amawakonda ngakhale fayilo sizibweranso. Alamu muwapatse moni mukuwayang'ana m'maso. Bambo akupereka moni, akuti mwana wawo wamkulu yekha ndiye sanawachititsepo manyazi.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamuti Kautuchi.