Kagalu ka M'thumba ka Bambo

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndine Esinati wanu. Kuno ku Mlangeni tili bwino, mvula yayamba ndi mtima wabwino chaka chino. Ino ndi mvula yachiwiri chikuikireni, ndiye ndati ndikhale pakhonde panu paja, pomwe munkasankhira nyemba, ndikuuzeni za kuno.

Ndiyambe ndi yokoma. Felesiya wanu anachira ku Kasinje mwezi wa Okutobala, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe. Akakwiya amakwinya nkhope monga munkachitira munthu akalowa m'nyumba ndi matope. Mbatatesi ya kudimba inabereka bwino, ina tinagulitsa kwa amalonda a ku Nsipe, ina tasunga ya mbewu. Matimati okha ndi amene anapsa ndi chiwawu. Ndinachedwa kupopera mankhwala. Musandikalipire, ndadzikalipira kale ndi mawu anu omwe.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya Bambo. Chichokereni inu, mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Amafunafuna chipewa chili kumutu. Mwezi wa Juni anapita kukaona ng'ombe, anthu n'kukawapeza mudzi wachitatu atakhala pamwala, ati akungopuma. Kuyambira tsiku limenelo ndinawaletsa kupita kuphiri. Mukudziwa nokha kuti kuletsa Bambo phiri n'chimodzimodzi kuwathyola miyendo. Anasiya nthabwala, chakudya ankangotola pang'ono n'kusamba m'manja.

Ndiye pa Khirisimasi achimwene, a Lameki, anabwera kuchokera ku Joni. Paja adakali pafamu ija anthu amapitako kukasaka nyama ndi kuwedza nsomba, iwo n'kumawalondolera m'tchire. Anabwera ndi kachipangizo ka pantchito yawo kotchedwa jipiesi. Kali ngati foni zakale zija, kachikasu, kali ndi kanyanga kumutu. Sikafuna mayunitsi kapena netiweki, kamangodya mabatire ang'onoang'ono. Ati kamamva kuchokera ku masetilaiti a m'mwambamu. Ukamayenda kamajambula kamzere m'mbuyo mwako ngati mmene imachitira nkhono, ndipo ukafuna kubwerera umangotsata kamzereko. Malo ukawakonda umadina batani n'kuwapatsa dzina, ndipo sikaiwala.

Bambo anakatembenuzatembenuza n'kukabweza. "Ine ndasaka m'phiri ili kuyambira ndili mnyamata, wopanda batire," anatero. Ine ndinati basi zakanika. Koma achimwene anatengera nzeru zanu. Paja munkati mwamuna wa Chingoni sumuuza kuti tsatira, umamupempha kuti atsogole. Anati, "Bambo, mbuli ndi kachipangizoka. Kamangodziwa tchire la ku Joni. Ndimafuna mukaphunzitse phiri la kwathu." Bambo anangofunsa komwe ndinabisa ndodo yawo.

Loweruka m'mawa tinanyamuka atatu. Amayi, mukanawaona! Munthu amene amaiwala chipewa uja ankatchula mwala uliwonse ndi dzina lake. Tinayamba ndi pomwe anaphera nguluwe chaka chimene anakukwatirani. Nguluwe ija yakulanso m'kafotokozedwe kawo, tsopano yafika msinkhu wa thole. Achimwene anadina batani n'kulemba kuti Panguluwe. Tinalembanso phanga la mbira ndi kasupe kamene ankamwa akamachokera kosaka. Nyama zake n'zochepa masiku ano, tinangodzidzimutsa nkhwali ziwiri, koma Bambo anasangalala ngati agwira. Kachipangizo kaja anakapatsa dzina pompo, ati ndi kagalu ka m'thumba, chifukwa kamanunkhiza njira koma sikapempha mafupa.

Titatsikira kudziwe la kuseri kwa phiri tinaponya mbedza. Bambo, ndi nyongolotsi zawo za m'chitini, anakoka milamba itatu. Achimwene, amene amaphunzitsa alendo kuwedza ku Joni, anakoka nkhanu imodzi, nayonso inawapana chala. Ndinaseka mpaka misozi. Bambo analamula kuti dziwelo lilembedwe kuti Pankhanu ya Lameki, ndipo lalembedwa choncho.

Tsopano ndiulule mlandu. Pobwerera Bambo anapatuka, n'kutizungulitsa kuseri kwa thanthwe lalikulu. Pansi pa mitengo ya masuku pali chulu chakale, ndipo utale unali mbuu. Ndinazindikira nthawi yomweyo kuti ndi pamalo panu paja. Zaka zonsezi tinkakupemphani, inu n'kumati malo a bowa suuza ngakhale mwana wobala wekha. Bambo akuti munawaonetsa kamodzi kokha, muli pachibwenzi, ndipo munawalumbiritsa. Pepani Amayi, chinsinsi chanu chalowa m'kagalu. Koma tinalemba dzina lonamiza, tinati Paminga, kuti alamu anu a kutsidya aja akakagwira asakhale nacho chidwi.

Tikuzula bowa, nkhungu inatsika kuchokera mbali ya ku Mozambiki. Mukuidziwa nkhungu ya kuno. Dzuwa linali lisanapendeke, koma mtengo wa apo ndi apo sumaoneka. Bambo anati kumudzi ndi uku, n'kuyamba kuyenda. Achimwene anayang'ana kachipangizo, kenaka anandiyang'ana ine. Bambo ankalowera ku Mozambiki. Palibe amene anafuna kuwauza. Tinawatsata pang'ono mpaka anaima okha. Anayang'ana uku ndi uku. Sindinawaonepo ndi nkhope yotere, Amayi. Ndinaopa kuti manyazi awapweteka kuposa kuzizira.

Kenaka anatsokomola n'kunena motsitsa mawu, "Lameki, kagalu kako kakuti bwanji?"

Achimwene sanaloze njira. Anangokaika m'manja mwa Bambo n'kuwaonetsa kamzere kamene tinajambula pokwera. Bambo anatembenuka, natitsogoleranso, maso ali pakagalu. Pakati panjira achimwene anafuna kudula, poti kamuvi kosonyeza kumudzi kankaloza molunjika kumunsi. Bambo anakana, ati kumeneko kuli chigwembe chimene chinadya ng'ombe ya malume awo. Titatchera khutu tinamvadi madzi akuwinduka pansi patali. Tinapitiriza kutsata kamzere kathu, ndipo tinafika kunyumba tanyowa ngati nkhuku, milamba ndi bowa zili m'manja. Tsiku limenelo Bambo anapempha ndiwo kachiwiri.

Achimwene atisiyira kagaluko, ati ku Joni akapeza kena. Andiphunzitsa kudina ndipo ndakazolowera. Ndakasokera kathumba ka chitenje chanu chobiriwira chija, Bambo amakakoleka m'khosi. Lamulo ndi loti kuphiri sapita okha, timapita limodzi Loweruka lililonse ndikatha zakumunda. Iwo aphunzira chinthu chimodzi chokha, kupeza malo olembedwa kuti Kwathu, ndipo amayeserera ngakhale pochokera kukhola. Vuto latsala ndi la mabatire. Sabata yatha wailesi yanga inangoti zii, ndikatsegula kumbuyo mulibe kanthu. Wakuba wake ndikumudziwa, ali ndi imvi.

Lamulungu lomaliza achimwene asananyamuke, tikuchokera kutchalitchi, tinadutsa njira ya m'mphepete mwa manda. Achimwene anaima n'kunena kuti tilembenso pomwe mwagona inu. Bambo anaphimba kathumba kaja ndi dzanja. "Kumeneko usalembe," anatero. "Njira ya kwa mayi ako sindingasochere, ngakhale nkhungu itagwa." Kenaka anaseka n'kuwonjezera kuti koma sakufulumira, muwadikire kaye.

Ndiye mwamva nokha, Amayi. Ngati mwawasowa, pirirani, musawaitane msanga. Ine ndikulonjeza kuti ndiziwasamala monga munkachitira inu, ndipo masiku onse amene miyendo yawo ikufuna phiri, ndidzakhala pambuyo pawo.

Ndimakukondani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Esinati