Tsamba la Agogo Limene Sindinajambule

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tili bwino, ana akupereka moni.

Buku la zithunzi lija, losimba mbiri ya tauni yathu pa nthawi ya nkhondo, latsala pang'ono kutha. Osindikiza akulifuna Lachisanu. Ndajambula masamba makumi atatu kuchokera m'makalata akale ndi m'kabuku kamene agogo ankalembamo ali kunkhondo.

Koma azakhali, nkhani ija tinakula nayo, yoti agogo anabereka mnzawo wovulala mpaka kuchipatala, m'kabukumu sinalembedwe choncho. Analemba ndi pensulo, mizere inayi yokha. Sindingathe kuibwereza m'kalata muno.

Mwana wa mnzawoyo ndi mayi okalamba osoka zovala aja, amene anandibwereka makalata a bambo awo. Dzulo anabwera, nayang'anitsitsa nkhope ya bambo awo imene ndinajambula, ili patebulo langa. Anati, "Mwanawe, makutuwa wakhoza! Nanga tsamba la tsiku lomaliza lili kuti? Ndikufuna ndione mmene agogo ako anawanyamulira."

Ndinawanamiza kuti inki yandithera.

Kodi inu munkadziwa? Chonde ndiimbireni Lachisanu lisanafike. Abambo sindinawauze, ndipo kabukuko ndabisa.

Ndine,
mwana wa achimwene anu.