Mpunga wa arubaini ya a Hamza

Lachinayi, 11 Febuluwale 2021

Tsiku la msika. Phokoso lake ndikulimva ndili m'nyumba, ngati kunja kulibe matenda. Wailesi m'mawa imati anthu asaunjikane, atalikirane, avale masiki. Kaya imauza ndani.

Amene akusunga lamulo la boma pamsika wonse uno ndine, ndipo sindikulisungira boma. Chimwalirireni amuna anga a Hamza mwezi watha ndili pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka pageti. Mayi anga atakhala eda kwathu ku Matope, m'nyumba munkadzaza azimayi, wina kusinja, wina kutunga madzi, wina kungokhala pamkeka n'kumadya miseche. Yanga ino ndi ya ine ndi nkhuku. Pano akupatcha pakhomo pa kolona. Ana akamadutsa amawolokera tsidya lina la msewu, ena atagwira mphuno.

Estere, mnansi wanga wogulitsa tomato, wandiikira usipa ndi anyezi pamwamba pa mpanda ngati masiku onse. Amalankhula atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Amuna ake a Gerishon, a kabaza aja, anamuletsa kulowa. Sindimuimba mlandu. Ndi iye yekha amafunsa ngati ndadzuka.

Kwatsala masabata awiri kuti ikwane arubaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi. Tulo sindikutiona.

Lachisanu, 12 Febuluwale

Ndinaima kuseri kwa chitseko kumvera amuna akuchokera kumzikiti, ku mapemphero a Ijumaa. Palibe anapatuka. Mawu a mlamu wanga Twaibu ndinawamva, akuseka nkhani ya mpira.

A Hamza sanasambitsidwe. Chimenechi chimandibwerera tsiku lililonse. Anabwera nawo azaumoyo ovala zoyera mpaka kumaso, ali m'thumba lapulasitiki, n'kupopera mankhwala pabwalo ponse ngati akupha nsikidzi. Sanda yomwe ndinasunga m'sutikesi anangoiyala pamwamba pa thumbalo. Opita kumanda anali ochepa, ndinawaona onse pazenera limodzi. Munthu woti sankajomba maliro a aliyense, Msilamu kaya Mkhristu, amatseka shopu yake ya zitenje n'kunyamula khasu. Ankakonda kunena kuti maliro n'kulirana. Eya, ndaona kulirana kwake.

Sadaka ya masiku atatu sinachitike. Ya sabata sinachitike. Ndinangoti chabwino, anthu ali ndi mantha. Koma ya arubaini ayi. Mpunga uphikidwe, duwa yowapempherera iwerengedwe, anthu adye m'dzina lawo kuti thawabu, mphoto ya kwa Mulungu, zikawapeze komwe ali. Chakudya chosadyedwa si sadaka. Ndikalephera apa ndiye kuti amuna anga ndawataya ngati mlendo wofera panjira.

Lamulungu, 14 Febuluwale

Ndinamuimbira Twaibu mpaka wabwera. Waima kunja kwa geti, ine kuseri kwa chitseko. Masiki ili pachibwano ngati ndevu zachiwiri.

"Alamu, boma laletsa misonkhano. Mukufuna atimange tonse?"

Ndinati boma lanena kuti osapitirira makumi asanu, ife tiitane makumi awiri okha, ndowa ndi sopo ndiika pageti.

"Nanga adya? Mukudziwa zomwe anthu akunena za pakhomo pano."

Ndinamukumbutsa kuti azaumoyo anandiyeza, anapeza ndilibe, ndipo papita nthawi. Anangoti akakamba ndi a Shehe. Pochoka anasamba m'manja pa mjigo wa kumsewu, koma sanakhudze ngakhale geti. Chonsecho a Hamza ndi mchimwene wake weniweni, bere limodzi.

Lachiwiri, 16 Febuluwale

Estere pampanda, ndi nkhani za kumsika. Akuti dzulo kunabwera galimoto ya apolisi. Opanda masiki kuthawira m'chimanga, ena kugwidwa n'kuwadumphitsa ngati achule, mayi wina kudzimanga kumaso ndi thewera la mwana. Galimoto itangokhota, masiki onse m'matumba. Ndowa yosambira m'manja ija anaika polowera kumsika inauma kalekale, ana amaimenya ngati ng'oma. A Gerishon ali ndi masiki imodzi ya makasitomala, amaivala aliyense wokwera njinga akamayandikira pomwe pali apolisi, akadutsa abweze. Chiyigulireni sinaone madzi.

Ikakwana faifi koloko amawathamangitsa ndi zikoti kuti msika watsekedwa. Tomato wake theka anapondedwa. Koma kumabala kuseri kuja, chitseko amangotseka, anthu ali m'kati kupumirana.

"A Mwanaisha, matenda amenewa eti amayenda m'galimoto ya apolisi? Ikafika afika, ikachoka achoka?"

Ndinaseka, koyamba kuseka. Kenako zinandipsetsa mtima. Ine matendawa ndinawaona ndi maso anga, munthu wamphamvu kusaka mpweya ngati nsomba yovuulidwa. Alipo, si nkhambakamwa. Koma anthu omwewa amene akupanikizana kumsika opanda kanthu kumaso ndi amene akuopa geti langa.

Lachitatu, 17 Febuluwale

Mvula tsiku lonse. Sindinamve mawu a munthu.

Lachisanu, 19 Febuluwale

Mwana wanga Ruweida waimba kuchokera ku Limbe. Mimba yakula, amuna ake akana kuti akwere minibasi. Akunena zoona, ndamuuza akhale. Watumiza ya mpunga ndi mbuzi kwa Twaibu.

"Amayi, mukudya koma?" Ndinati ndikudya. Analira, ine ndinagwira mtima mpaka foni itaduka.

Mwana mmodzi yekha, naye ali kutali. Ndasungulumwa, Ambuye akudziwa. Madzulo ndimapezeka ndatulutsa makapu awiri.

Loweruka, 20 Febuluwale

Ukwati wa Nasra, mwana wa a Shafik a hadiweya. Zokuzira mawu chiyambire m'mawa, magalimoto kuliza mabelu, nthungululu mpaka makoma anga kunjenjemera. Ndinasuzumira pa mng'alu wa mpanda. Anthu ngati nyerere, ena ochokera ku Boma, ena ku Luwani, atadzazana m'malole. Makumi asanu ake ndi amenewa? Masiki ndinaonapo ziwiri, imodzi ili pagalasi la galimoto.

Azimayi a kumzikiti onse ndinawaona akudutsa ndi mabeseni pamutu. Amene ndinawaphikira pa maukwati a ana awo, amene ndinawasambitsira amayi awo. Palibe anatembenukira kuno, ngakhale kungokuwa kuti asalamu alaikum.

Galimoto ya apolisi lero sinaoneke. Mwina yatha mafuta.

Sindikumuchitira nsanje Nasra, mwana wabwino, ndinamunyamulapo ali khanda. Koma ndalira, ndalira kwambiri.

Lamulungu, 21 Febuluwale

Ndawaimbira a Shehe ndekha, ulemu ndauika pambali pang'ono. Ndati a Shehe, dzulo munali ku ukwati? Anati anali. Ndati munadya? Anakhosomola. Ndati ndiye lamuloli ndi la akufa okha, kapena la akazi amasiye?

"Mayi, pepani, musatero. Anthu ndi ovuta. Kuja kunalibe wodwala."

Ndinati munawayeza ndinu? Kuno ndiye kulibe wodwala, wodwalayo munamuika m'manda osamusambitsa. Pakamwa panga pananditsogolera, ndikudziwa. A Hamza akanakhalapo akanandiponda chala. Kenako a Shehe anati Lachinayi abwera ndi anthu ochepa ikatha swala ya masana, duwa awerenga.

Ndafunsa za kudya. Anati, "Inshallah."

Inshallah ya a Shehe ndimaidziwa. Koma ndiphika.

Lachiwiri, 23 Febuluwale

Ndatsegula makina osokera. Ndasoka masiki ndi zidutswa za zitenje za m'shopu, zokwanira aliyense wobwera, pasapezeke wonena kuti mayi uja anaphwanya lamulo. Ndazichapa, ndazisita. Ndatsuka ndowa, sopo watsopano ndamudula pakati.

Msana ukuwawa koma tsiku lafulumira.

Lachitatu, 24 Febuluwale

Twaibu wabweretsa thumba la mpunga pa njinga, walitsitsira kunja kwa geti. Mbuzi wakazingira kwake, nyama wabwera nayo m'chidebe. Ndinakoka thumbalo ndekha mpaka kukhitchini, kupumira panjira.

Mpunga wa sadaka amapeta azimayi ambiri, akucheza. Ndapeta ndekha, ndasankha timiyala ndekha mpaka maso kuchita chidima. Estere anati ndimupatsireko wina pampanda akapetere kwawo. A Gerishon anamukalipira, ndinamva, koma anapeta ndithu n'kubweza. Nkhuni nazo waponya zake.

Masefuliya aakulu aja a maukwati ndawatsitsa kudenga. Akangaude anali atamangamo.

Lachinayi, 25 Febuluwale

Ndasonkha moto kusanache. Pofika masana zonse zinali zitapsa, mpunga sefuliya ziwiri, nyama sefuliya imodzi. Fungo lake linafika kumsewu, ndinaona anthu akutembenuka.

Anabwera. A Shehe, Twaibu ndi amuna ena ochepa, sanadzaze ngakhale mkeka umodzi. Mkekawo anabwera ndi wawo, anauyala kunja kwa geti pansi pa mthethe. Masiki zanga palibe anatolako, ndowa palibe anaikhudza. Duwa inawerengedwa, yothamanga ngati mvula ikubwera, koma inawerengedwa. Dzina la a Hamza ndinalimva likutchulidwa, ndinatsamira chitseko.

Kenako ndinapakula, Twaibu n'kumalandirira mbale pageti. Apa ndiye panaoneka zodabwitsa. A Shehe akuti lero asala kudya, ya Lachinayi. Wachiwiri nayenso wasala. Wachitatu wasala. Zaka zonse ndakhala pano sindinadziwe kuti mzikiti wathu uli ndi anthu oopa Mulungu chonchi, anthu oti ngakhale mu Ramadhani timawapeza kuseri kwa chigayo akutafuna mtedza. Mmodzi yekha ndiye ananena chilungamo, anati, "Mayi, mutikhululukire, kunyumba akatithamangitsa." Twaibu anavundikira mbale yake, akuti akadyera kwawo. Ndaipeza pachitsa.

Ndabweza mpunga wonse m'masefuliya. Ndakhala pansi kukhitchini kuuyang'ana. Palibe ngakhale mmodzi waika m'kamwa. A Hamza, ndayesa.

Lachinayi lomweli, dzuwa litapendeka

Ndilembe msanga ndisanaiwale.

Ndili chikhalire kukhitchini ndinamva Estere akuitana pampanda. Apolisi anabweranso m'mawa kumsika, agwira gulu la anthu opanda masiki, a Gerishon ali momwemo. Masiki ija anali atavalitsa kasitomala, iwo kumaso kuli mbee. Awakhazika pansi pabwalo la mpira chiyambire m'mawa, padzuwa la kuno, akuti sawamasula mpaka msika utatsekedwa. Muli azimayi a makanda, muli agogo ena ochokera ku Ligowe amene anabwera wapansi kudzagulitsa nkhuku. Palibe walawa kanthu, ndipo mwezi uno ambiri amachoka kunyumba osadya.

Sanapemphe kanthu, amangondiuza. Ine ndinayang'ana masefuliya.

Ndinati Estere, kabwereke wilibala. Anandiyang'ana. Ndinati sefuliya sizingadutse pamwamba pa mpanda, ndipo ine sindingatuluke, ukafuna ulowe utenge wekha. Koma ukawauze zoona, kuti wachokera pakhomo pa kolona, ndi sadaka ya a Hamza. Wosafuna asadye, wina asadzati ndinamupusitsa.

Anaima pageti kanthawi, dzanja lili pa loko. Kenako analowa. Tinanyamulira limodzi, iye uku ine uku. Masiki zija nazo ndinamuponyera pamwamba.

Ndinadikira. Ndinasesa pabwalo posafunika kusesa. Mumtima ndimati abwera nawo wonse, ndikathira nkhuku.

Ndinayamba kumva kulira kwa wilibala, ndi masefuliya akugundana. Sefuliya yodzaza siilira choncho.

"A Mwanaisha, apala mpaka nkhoko!"

Akuti wamkulu wa apolisi anayamba wakana, kenako anati agawireni msanga. Estere anaima pakati n'kunena monga ndinamuuzira, osabisa. Palibe anayandikira. Ndiye agogo a ku Ligowe aja anati, "A Hamza ake ati, a zitenje? Aja anatikumbira manda a mlongo wanga mvula ikugwa?" Anasamba m'manja, anatambasula chitenje chawo kuti awathirire pomwepo. Basi onse anaunjikana, mbale kuchepa, ena kudyera pa masamba a nthochi, ena m'zipewa. A Gerishon anabwereza kawiri, mutu uli pansi. Wapolisi wina wachinyamata naye anadya chotembenukira kumbali. Atatha, agogo aja anagwada n'kupemphera mwa kutchalitchi kwawo, kuwatchula a Hamza dzina, Asilamu amene analipo anakweza manja. Akuti ameni wake anamveka mpaka kumashopu.

Ndinamufunsa kawiri ngati anamvadi kuti ndi wa pakhomo pano. Anati anamva onse.

Sindikudziwa kuti a Shehe anganene chiyani za sadaka yodyedwa ndi akaidi pabwalo la mpira. Sindiwafunsa.

Estere sanabwerere kwawo. Watsuka masefuliya, wasamba m'manja pa ndowa ija, wayala mkeka pakhonde langa. Wapeza kapoto ka mpunga kamene ndinapatula masana, wapakulira m'mbale imodzi. Akuti iye pogawa sanalaweko, ndipo sadya yekha.

Akundiitana.