Za Bwato Lachiwiri la Chitseko ndi Zigubu

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WADZIDZIDZI WA KOMITI YA ALENDI A M'NYUMBA YOSANJA

Tsiku: Lachisanu, pa 9 Febuluwale
Malo: Pamasitepe a nsanjika yachitatu, popeza chipinda chimene timakumaniramo masiku onse chili m'madzi
Nthawi yoyambira: 9 koloko m'mawa

Opezekapo: Wapampando, Mlembi, a Namwino, a Kalipentala, a Kaputeni (ometa tsitsi a pageti, amene dzinali analipata chifukwa cha mabuku a nkhani za panyanja omwe amawerenga, ngakhale pamadzi sanayendepo), Akazi a Wamagetsi, m'malo mwa amuna awo.

Osapezekapo: a Wamagetsi (anachoka Lachitatu pa bwato loyamba kukaitana thandizo, sanabwerere), Msungichuma (madzi anawapeza ali kuntchito).

Oitanidwa: Achemwali a Dalaivala.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero lalifupi. Anakumbutsa mamembala kuti chilowereni madzi Lolemba, nsanjika yapansi yamira mpaka m'mawindo, mabanja onse athithikana m'zipinda za pamwamba, mafoni anazima, ndipo palibe wochokera kunja amene wafika. Anati nkhani yaikulu ndi imodzi, mwendo wa a Dalaivala, komanso ganizo la a Kaputeni loti limangidwe bwato lachiwiri lowatengera kuchipatala cha pamtunda.

Zolembedwa za msonkhano wapita sizinawerengedwe chifukwa zinanyowa.

A Kalipentala anapempha kuti komiti isanakambe za bwato, iyambe yaunika zipangizo zonse zimene a Kaputeni apanga sabata ino potsata mabuku awo, kuti anthu adziwe chimene akukwera. A Kaputeni anati alibe chobisa. Pempholi linavomerezedwa.

2. ZIPANGIZO ZA A KAPUTENI

2.1 Moto. A Kaputeni anati machesi atatha, ndi iwo amene anayatsa moto ndi magalasi owerengera a Wapampando, monga anachitira anthu osweketsedwa ndi sitima m'buku lina. Komiti inavomereza kuti izi zinathekadi. A Kalipentala anapempha kuti zilembedwenso kuti zinatheka kamodzi kokha, tsiku limene dzuwa linatuluka, ndipo kuyambira pamenepo amayi akhala akusinthana kulondera mbaula kuti isazime.

2.2 Kalilole. A Kaputeni anati anakwera padenga ndi kalilole wa m'shopu mwawo n'kuthwanimitsira helikopita imene inadutsa Lachiwiri. Anati m'mabuku njirayi silephera. Wapampando anafunsa ngati helikopitayo inatembenuka. A Kaputeni anati sinatembenuke, koma mwina inapita kukanena.

2.3 Chosefera madzi. A Kaputeni anafotokoza kuti anadula botolo lalikulu, n'kuikamo nsalu, makala, mchenga ndi timiyala, ndipo madzi amatope ankatuluka oyera ngati a pampopi. Anati onse anaona ndi maso, ena anachita kuwombera m'manja.

A Namwino anati anaonadi, ndipo anachenjeza tsiku lomwelo kuti mchenga umagwira matope okha, tizilombo toyambitsa matenda timadutsa. Anati madzi amene atizungulirawa adutsa m'zimbudzi za dera lonse. Pa nthawi imeneyo iwo anali otanganidwa ndi a Dalaivala, ndipo mabanja ena anamwa osawiritsa pofuna kusunga makala. Lero ana anayi akutsegula m'mimba. Mmodzi, yemwe ndi mwana wamkazi wa Mlembi, wafooka kwambiri ndipo chilichonse chimene wamwa akusanza.

A Kaputeni anati buku silinanene zowiritsa. A Namwino anayankha kuti anthu a m'bukumo analibe matumbo. A Kalipentala anawonjeza kuti m'mabuku a a Kaputeni mumagwa mvula tsamba lililonse koma pepala silinyowa. Ena anaseka. Wapampando anati pano si poseka, ana ali gone kuseri kwa khoma lomweli.

A Kaputeni anati iwo sanafune kupweteka mwana wa munthu. Anati anthu atakhala manja lende, iwo anayesako zimene ankadziwa, ndipo zimene ankadziwazo ndi zomwezo.

Chigamulo: Madzi onse akumwa aziwiritsidwa, osefa ndi osasefa omwe. Poti makala atsala pang'ono, a Kalipentala aphwasule mipando ya m'khonde. A Kaputeni anapereka katoni ya mabuku awo kuti ikhale yoyatsira. Wapampando anati palibe amene wawakakamiza. Iwo anati akudziwa.

3. MWENDO WA A DALAIVALA

A Namwino anati a Dalaivala anachekedwa ndi lata pa katumba Lolemba pothandiza kukweza katundu wa anthu a pansi. Bala analitsuka n'kulimanga, koma mankhwala alibe. Tsopano mwendo watupa mpaka m'bondo, wayamba kuda ndi kununkha, ndipo thupi latentha moti wodwalayo akuitana anthu amene anamwalira kalekale.

Wapampando anafunsa kuti angapirire mpaka liti. A Namwino anati iwo si Mulungu, koma akadikira mpaka Lamlungu sipadzafunikanso bwato.

Achemwali a Dalaivala anapatsidwa mpata. Anati iwo za mabuku sazidziwa. Anati mlongo wawoyo ndi amene anawalera makolo atamwalira, ndipo ngati palibe womuperekeza, awapatse chitseko amukankhe okha. Wapampando anawapempha kuti akhale pansi.

4. BWATO

A Kaputeni anati bwato lachiwiri likhale ngati loyamba, chitseko chomangirira pa zigubu zopanda kanthu, koma lokulirapo kuti munthu agonepo. Anati zigubu sizimira, aliyense atha kuyesa pa masitepe a pansipa.

A Kalipentala, omwe ndi akulu awo a Wamagetsi ndipo ndi amene anamanga bwato loyamba, anati zoti zigubu zimayandama sakutsutsa. Anati vuto ndi kupendekeka. Pabwalo pathu madzi ndi odekha, koma pamphambano ya pomwetsera mafuta amathamanga ngati mtsinje, atanyamula mitengo, malata ndi mawaya. Chitseko chilibe mutu kapena mchira, chikafika pamenepo chimangozungulira. Anati m'bukumo wolemba amadziwiratu kuti munthu wake afika tsidya lina, n'chifukwa chake chingwe sichiduka.

A Kaputeni anati olemba mabuku sangolota, ena anayendadi panyanja. A Namwino anati amene anamira sanalembe kalikonse, ndiye sitidziwa kuti anali angati.

A Kaputeni anati palibe amene anaona bwato loyamba likugubuduka. Linakhota kuseri kwa sitolo ya matayala a Wamagetsi ali chiimire, akupalasa ndi fosholo. Anati mwina anafika, koma akulephera kubwerera.

Pamenepa a Kalipentala anati pali chinthu chimene sananene. Dzulo madzulo ali padenga anaona chigubu chachikasu chitakodwa pa mpanda wa sukulu, chili ndi chingwe cha buluu choyanikira zovala, chonga chimene iwo anamangira bwato loyamba.

Akazi a Wamagetsi, amene anali asanayankhulepo, anafunsa kuti: "Alamu, zigubu zachikasu m'tauni muno ndi zingati?"

A Kalipentala anati ndi zambiri.

"Nanga zingwe za buluu?"

A Kalipentala anati nazonso ndi zambiri, koma mfundo yawo amaidziwa.

"Mfundo munaionera padenga, alamu, ndi maso anu omwewo amene mumandipempha kuti ndikulowetsereni ulusi pa singano?"

Akazi a Wamagetsi anapempha kuti nkhani ya chigubu isalembedwe, chifukwa ana awo amadziwa kuwerenga. Wapampando anati zimene zanenedwa mumsonkhano zimalembedwa, koma bukuli lizisungidwa patali ndi ana.

Wapampando anafunsa a Kalipentala ngati pali njira yochepetsera kupendekeka. Iwo anati angalumikize zitseko ziwiri, n'kukhomera matabwa a bedi mopingasa kuti zigubu zikhale kunja m'mbali, ndipo wopalasa akhale pansi, asaime. Anati izi sanaziwerenge paliponse ndipo sakulonjeza kanthu. Anati akauzidwa kuti amange adzamanga bwino kuposa poyamba, koma dzanja lawo silikwera kuvomereza.

5. VOTI

Funso linali lakuti: bwato lachiwiri limangidwe lero, kapena tidikire thandizo. Wapampando savota pokhapokha mbali zikafanana.

A Kaputeni anavomereza. A Namwino anavomereza, ndipo anapempha kuti zilembedwe kuti sakukhulupirira bwatolo, koma akukhulupirira mwendowo. A Kalipentala anakana. Mlembi anakana, ponena kuti kutaya munthu mmodzi n'kowawa, koma kutaya awiri chifukwa cha chisankho chathu n'kowawa koposa.

Voti yotsala inali ya Akazi a Wamagetsi. Wapampando anawauza kuti ali ndi ufulu wosavota, aliyense amvetsa. Iwo anati avota.

Anati: "Mukufuna ndinene kuti bwato silifika. Ndikanena zimenezo, ndiye kuti ndanena kuti bambo a ana anga sanafike. Ine sindinena. Mangani."

Ovomereza atatu, okana awiri. Ganizo linadutsa.

6. WOPEREKEZA

A Kaputeni anadzipereka, ponena kuti nzeruyi ndi yawo ndipo sangatumenso mwana wa mnzawo. Wapampando anawafunsa ngati amatha kusambira. Anati satha, koma anawerengapo. Komiti inakana. A Kaputeni anapempha kachiwiri, misozi ili m'maso, ndipo komiti inakananso.

Achemwali a Dalaivala nawonso satha kusambira. A Namwino sangasiye ana odwala. A Kalipentala ndi olemera thupi ndipo phewa lawo lamanja silikweza mkono.

Wapampando anafunsa ngati pali membala wina wodziwa kusambira. A Namwino anati Mlembi anawauzapo kuti ankapikisana pa kusambira ali kusukulu. Mlembi anati zimenezo n'zoona, koma munali m'dziwe lomangidwa ndi simenti, lokhala ndi makwerero.

A Namwino anati sakufuna kukakamiza munthu, koma komiti idziwe kuti mwana wa Mlembi akufunika diripi, ndipo wopita kuchipatala atha kubwera nayo kapena kubwera ndi anthu. Mlembi anafunsa ngati mwanayo angakwere nawo. A Kalipentala anati iwo sakhoma msomali ngakhale umodzi ngati pakwera mwana.

Akazi a Mlembi, amene ankamvetsera ali pamasitepe a pamwamba, anati amuna awo anavota kukana, ndiye apite amene anavomereza. Wapampando anawakumbutsa kuti si membala. Iwo anati si membala koma ndi amene atsale ndi maliro awiri. Wapampando anawalola kumaliza. Atamaliza, Mlembi anapempha kuti msonkhano uime pang'ono, ndipo anakalowa kukaona mwana.

Msonkhano utayambiranso, Mlembi anavomera kuperekeza a Dalaivala. Anapempha kuti zilembedwe kuti maganizo ake pa bwatoli sanasinthe.

Chigamulo: A Kalipentala ayambe ntchito msonkhano ukangotha, mothandizidwa ndi a Kaputeni. Zitseko zichokere kwa Wapampando ndi kwa Akazi a Wamagetsi, amene anapereka chawo asanapemphedwe. A Dalaivala asamangiriridwe ku chitseko, koma aliyense wa awiriwo amangidwe chigubu chimodzi pachifuwa. Ulendo uyambike masana ano mvula isanabwerere. Pamphambano Mlembi ayesetse kutsata khoma la kumanzere.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Akazi a Wamagetsi anapempha Mlembi kuti akafika akafunse za amuna awo pa geti ya chipatala, ndipo akawauze kuti mankhwala awo a mphumu anaiwala pa windo. Anapereka mankhwalawo atakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Mlembi analandira.

7.2 A Kalipentala anapempha kuti Mlembi akafunsenso ku nyumba yachisoni. Ananena izi alamu awo atatsika kukachotsa chitseko.

7.3 A Kaputeni anafunsa ngati angamuuze Mlembi njira ina yodziwira kumene madzi akukokera poponya kapepala. Mlembi anati amvetsera.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzachitika Lamlungu, pa 11 Febuluwale, malo omwewa, nthawi yomweyi. A Namwino ndi amene adzagwirizire ulembi ngati padzafunike kutero.

Mwa nthawi zonse zolembedwa zimasainidwa pa msonkhano wotsatira, mamembala atazimva ndi kuzivomereza. Wapampando anapempha kuti za lero zokha Mlembi aziwerenge pompano ndipo asainiretu. Panalibe wotsutsa.

Msonkhano unatsekedwa nthawi ili 11 koloko, popanda pemphero, chifukwa a Kalipentala anali atayamba kale kukhoma.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________