Musagule Yofiirayo

Mkanda, Mchinji
12 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Timoteyo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi miyendo ija ikuwawabe, koma kudimba akumapita. Ndalemba chifukwa pa foni mawu amandithawa, mukundidziwa kale. Loveness, mwana wa aneba athu, aijambula kalatayi pa foni n'kukutumizirani lero lomwe. Ndamupempha kuti asawerenge.

Loweruka mng'ono wanu Enoki ananditenga ku Kamwendo kukaona mathirakitala awiri aja munati asankhepo imodzi. Yoyamba ndi ya a Saidu a golosale. Ndi yabuluu, yosuluka, koma ndi yaifupi ndipo ili ndi chitsulo chopindika pamwamba pa mpando. A Saidu akuti ikagubuduka, chitsulocho chimatchinjiriza munthu. Enoki anati ikuoneka ngati nkhuku yonyowa, atsikana a ku Mkanda azimuseka.

Inayo ndi yofiira, penti yatsopano. Wogulitsa akuti yachokera ku Chipata. Mng'ono wanu atangoiona, mtima wonse unapita.

Achimwene, si ya ku Chipata. Ndi ija ya ku esiteti imene inapha abambo.

Ndinaidziwira pokwerera. Abambo anawotcheretsapo khasu lakutha kuti ine ndizifikira. Khasulo lilipo, angolipaka penti. Atailiza inatsokomola kawiri isanagwire, ngati kale lija. Ndinakhala pansi pafumbi, anthu akundiona.

Inu nthawi imeneyo munali kusukulu ku Ludzi, mwina simudziwa. Thirakitala ili ndi zopondera mabuleki ziwiri. Pamsewu amazilumikiza ndi kachitsulo kuti zigwire limodzi. Ukaponda chimodzi chokha uli pa liwiro, imakhota mwadzidzidzi. Pa ya abambo kachitsuloko kanali katathyoka, ndiye ankamanga ndi waya.

Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti kachitsuloko kali kuti. Wogulitsa anaseka. Anafunsa Enoki ngati mlongo wakeyu ndi makaniko kapena akufuna kukwatiwa ndi thirakitala. Kenako anati palibe vuto, pongomanga ndi waya basi, aliyense amatero. Enoki nayenso anaseka.

Tsopano ndikuuzeni zimene sindinauzepo munthu.

Tsiku lija m'mawa chogwirira cha ndowa yanga chinaduka. Ndinkaopa kukalipidwa. Ndinakwera pa khasu lija, ndinamasula waya wa abambo n'kukamangira ndowayo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinati ndikabwera kumjigo ndibwezera. Pobwera ndinapeza atanyamuka kale ndi mabelo a fodya. Pa mtsetse wa kudambo anaponda buleki, thirakitala inakhota n'kuwagubudukira.

Anthu anati ndi ufiti. Analoza a Hamidu, tenanti wa ku Mangochi uja anakangana ndi abambo za nkhuni. Anawathamangitsa pa esiteti fodya wawo asanagulitse. Ndinawaona akupita, akazi awo atasenza mphasa, mwana kumbuyo. Ndinali nditaima pakhomo, za wayayo osaulula. Ndowayo ndinakaiponya m'chimbudzi.

Mpaka lero amayi akamva dzina la a Hamidu amalavula. Ine ndikamva thirakitala kumsewu, kaya ndili kumunda kaya kutchalitchi, zala zanga zimayamba kupota zokha ngati zikumasula kanthu.

Enoki waphunzira kuyendetsa masabata awiri okha. Akuti Lachinayi akukaitenga yofiirayo, abwera nayo yekha. Njira ya kuno ili ndi mitsetse itatu. Ine sandimvera, amati ndine wamantha. Inu akumverani, poti ndinu mukugula.

Chonde muimbireni. Muuzeni atenge ya a Saidu, ndipo amakaniko ayambe aona mabuleki asanaikwere. Akakana, muuzeni za wayayo, ndalola. Mukafuna kundida, ndideni. Abambo ndinawaona mmene anawatulutsira pansi pa tayala, sindingathe kuonanso Enoki.

Amayi ndiwauza ndekha Lamlungu tikaweruka ku Misa. Sindikudziwa ngati mawu adzatuluke. Ngati mukudziwa wina wa ku Mangochi kumeneko, mufunseko za banja la a Hamidu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Esitele ndi ana onse. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu. Muimbe Lachinayi lisanafike.

Ndine mlongo wanu,
Enifa