Mapepala okulungira nsapato aja musakutire makope

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalata ino yakupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo la mayi likutani? Mankhwala opaka aja akuthandiza, kapena akungonunkhitsa nyumba? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalatayi ndapatsira mayi wogulitsa nsalu amene akubwera kumeneko mawa. Foni sindinafune kuimba, chifukwa nyumba za kampani tikukhalamozi khoma lake ndi thabwa, ukatsokomola wa chipinda chinacho amakupepesa.

Mukudziwa kuti kampani yathu yosindikiza mapepala inagulidwa chaka chatha ndi mkulu uja anthu amamutcha Zonsenzanga. Simenti ndi yake, mabasi ndi ake, wailesi ndi nyuzipepala ndi zake, ndipo malo osindikizira atatu a m'tauni muno anawameza onse. Tsopano akufunanso mpando wa ku nyumba ya malamulo pa chisankho cha mwezi wamawa. Kwa miyezi iwiri sitikusindikiza china koma nkhope yake, moti ndikatsinzina ndimaona mano ake.

Akupikisana naye ndi mayi wina amene kale anali namwino. Loweruka anandiimitsa pageti ndikuweruka. Anati wazungulira malo onse atatu, ndipo paliponse akumuuza kuti makina awonongeka. Kuwailesi anamubwezera pakhomo. Anandionetsa kapepala kake. Munalibe chipongwe, munali mafunso asanu okha. Limodzi linali loti, wogulitsa simenti akakhala yemweyo wopanga malamulo, mtengo ukakwera tikadandaula kwa yani. Achemwali, ndinachita manyazi, chifukwa makina athu ndinali nditangowazimitsa ndekha, ali bwinobwino. Lamulungu masana, anzanga atapita kumpira, ndinayatsa makina akale a kuseri n'kumusindikizira timapepala zikwi ziwiri. Mapepala ndi inki anagula yekha, sindinabe kanthu.

Lachiwiri kapitawo analowa ndi kapepala kamodzi kamene anatola kumsika. Makina akalewo ali ndi chilema, amasiya kadontho kakuda pakona ya m'munsi, ndipo wosindikiza aliyense pano amakadziwa ngati chipsera cha mwana wake. Anatiimika tonse anayi amene timagwira makinawo n'kutifunsa mmodzimmodzi. Tonse tinakana, ine mawu anga ndiye anali okweza kuposa onse. Kenako anati, "Amene wachita izi, iye ndi abale ake onse asadzaonekenso pageti lililonse la bwana." Ndinaganiza za alamu kudepoti ya simenti kumeneko, poti papepala lawo lolowera ntchito mboni ndine.

Atatero anakhuthula mabini onse kufunafuna mapepala oyesera. Pa ntchito yathu, mapepala oyambirira amatuluka inki isanakhazikike, ndiye timawaika pambali. Likatuluka loyamba labwino, wogwira makina amalembapo kuti lili bwino n'kusaina dzina lake. Kapitawo amafuna limenelo, ndipo sanalipeze.

Sanalipeze chifukwa lili m'njira kubwera kwa inu. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikusaina pepala loyamba, ndipo Lamulungu lija dzanja linasaina lokha, mutu osadziwa. Lolemba m'mawa ndinakulunga nsapato zimene ndagulira ana anu ndi mapepala oyeserawo monga ndimachitira nthawi zonse, n'kukapereka katunduyo kubasi. Ndinakumbukira ndili chiimire pamzere paja, kapitawo akuvundula zinyalala. Ngati pali chitsiru m'banja mwathu, musachifunenso kwina.

Ndikukudziwani, Achemwali, pepala kwa inu silitayika. Mukangomasula katundu mumaliwongola ndi dzanja n'kukutira makope a ana. Sukulu yawoyo anamanga ndi Zonsenzanga, ndipo mphunzitsi wamkulu ndiye amasonkhanitsa anthu pa misonkhano yake. Kope limodzi likangofika patebulo pake ndi dzina langa pachikuto, madzulo asanafike ine ndili pamsewu ndi chikwama, alamu nawonso ali pakhomo.

Pempho langa ndi limodzi. Katunduyo akafika, mukamutenge nokha, musatume mwana. Mumasulire m'chipinda, mapepala onse muwaotche, phulusa lake mulipondeponde. Ngati kalata ino yachedwa ndipo mwakutira kale, muchotse zikutozo lero lomwe, ana alire. Alamu muwauze mwakachetechete, asakanene kuntchito ngakhale mocheza.

Koma musanayatse machesi, mutseke chitseko muwerenge limodzi mpaka pansi, muwawerengerenso mayi. Sindikukuuzani woti mumuvotere. Kungoti zonse zimene mukumva za namwinoyu mukumvera pa wailesi ya mdani wake, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Mabasi a bwana sanganyamule timapepala take, ndiye mapepala amene abwera ndi nsapatowo ndi okhawo amene adzafike kwathuko. Mantha ndili nawo, sindikubisa. Koma namwino uja atabweranso pageti, sindikudziwa ngati ndingathe kumuuza kuti makina awonongeka.

Mayi wansaluyo abwerera Loweruka. Mumuuze mawu amodzi okha, kuti nsapato zakwana, ine ndidzamva kuti zapsa.

Mundiperekere moni kwa mayi, alamu, azakhali ndi amalume. Ana muwauze kuti asadandaule za makope, amalume awo atumiza mapepala ena okutira. Tili nawo milumilu a nkhope ya bwana, ndipo amenewo palibe mphunzitsi amene adzafunse kuti achokera kuti.

Tsalani bwino, mundikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Wazalazakuda