Ulendo wa ku Namuli

Lolemba, 16 Disembala 2002

Abambo ayambanso za Namuli. Kudzuka Namuli, kugona Namuli. Phirilo analichoka ali kumbuyo kwa amayi awo, koma amalifotokoza ngati analimako dzulo. Akuti pamwamba pake pali phazi la munthu woyamba lodindika pamwala, ndipo Mlomwe aliyense anatsika kumeneko. Ndawafunsa kuti nanga Michesi amene timamuona tsiku ndi tsikuyu si phiri? Akuti, "Chulu icho, mwanawe."

Koma ulendo uno si maloto chabe. Wogula nyemba wina wa ku Gurue, ku Mozambique kufupi ndi phirilo, wabwera ndi uthenga. Azakhali a Rozaria, mlongo wawo amene anatsala kwa agogo pamene enawo ankawolokera kuno, akadali moyo, ndipo atuma mwana wawo Tobias kuti adzawatenge. Afika sabata yomwe ino pa njinga. Palibe amene akumudziwa nkhope. Abambo alira. Ine sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a amayi.

Lachiwiri, 17 Disembala

Mvula tsiku lonse, kupalira zii. Tinangokhala pakhonde, aliyense kutchula kumene angapite atapatsidwa mwayi. Amuna anga a Laston, Joni basi. "Kumeneko ngakhale wosesa mumsewu amavala jekete lachikopa." Munthu akulephera kupalira kuseri kwa nyumbaku, ati akasese Joni! Eveles woyandikana nafe akufuna Yerusalemu, akasambe mu Yorodano machimo athe. Ndamuuza kuti mtsinjewo udzada.

Ine ndikufuna nyanja ya mchere ija ya pa kalendala, madzi opanda tsidya. Ndikakhale pamchenga tsiku lathunthu popanda wondiitana kuti Fainess ndiwo zili kuti.

Ndinafunsa abambo chimene akufuna ku malo amene sakuwakumbuka n'komwe. Akuti, "Ndakalambira kuno ndili mlendo. Ndikufuna ndikaime pamene palibe angandifunse kuti kwanu n'kuti."

Lachitatu, 18 Disembala

Nkhani ya anamapopa yafika ndi kuno. Akuti anthu achilendo akuyenda ndi timachubu, kupopa anthu magazi n'kukasinthanitsa ndi chimanga. Wowaona ndi maso palibe, aliyense anamva kwa mlamu wake. Koma pamsika dzulo athyola mkono wa munthu wogulitsa mankhwala a makoswe, chifukwa chikwama chake chinali chachilendo.

Anyamata agoneka chipika pa mlatho wathu, akusecha aliyense wodutsa. A Laston ndiye asanduka kapitawo, chibonga paphewa, chifuwa patsogolo. Khasu likanaona mphamvu zimenezi bwenzi tikudya katatu.

Lachinayi, 19 Disembala

Abambo andisititsa jekete lawo la kutchalitchi. Aswera pansi pa mango, maso kumsewu.

Ndauza a Laston kuti akachenjeze anzawo pa mlatho kuti tikudikira mlendo wa ku Mozambique, msuweni wanga. Akuti, "Ndamva." Ndabwereza. "Ndati ndamva, mayi iwe. Msuweni wakoyo ndi bwanamkubwa?" Mtima wanga sukukhazikika.

Lachisanu, 20 Disembala

Ndilemba zonse mmene zinachitikira.

Dzuwa lili paliwombo tinamva zitini ndi malikhweru ku mlatho. "Wagwidwa! Namapopa wagwidwa!" Ndinathamanga ngati wina aliyense. Abambo ananditsatira ndi ndodo yawo, ine osadziwa.

Munthuyo anali pansi m'matope, malaya atang'ambika, njinga itagwera uko. Akuti anamufunsa kumene akupita, iye n'kuyankha chinenero chosamveka, ndiye basi umboni wakwana. M'thumba mwake munali botolo lokulunga m'nsanza. Wina analikweza m'mwamba, "Magazi awa!" Miyala inayamba kugwa. Mayi wina amene timaimba naye kwaya anamuponya njerwa kumaso. Munthuyo anagwada, manja m'mwamba, magazi ali chuchuchu m'kamwa, akufuula mawu amodzimodzi, "Mulipa! Mulipa!" Anyamata kumaseka, ati akuitana anzake.

Ndinaona a Laston. Ndinawaona ndi maso angawa. Anakweza chibonga ndi manja awiri n'kumumenya kumbuyo kwa khutu. Phokoso lake ngati dzungu lagwa padenga.

Ndiye kunamveka mawu a abambo. Sindinkadziwa kuti m'chifuwa chimene chija mungatuluke mawu otero. Anakankha anthu ndi ndodo, n'kudzigwetsa pamwamba pa munthuyo, jekete lawo lonse m'matope. Mwala wina unawapeza paphewa. Ankalankhula naye Chilomwe, iye n'kumayankha motsitsa, atawagwira kolala.

Kenaka anadzutsa mutu. "Mulipa ndine! Ndi dzina limene anandipatsa amayi ndisanabatizidwe. Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Amakuuzani kuti akufuna malume ake. Chilomwe chimenechi, chinenero cha agogo anu, agalu inu! Nonsenu Alomwe, palibe ndi mmodzi yemwe wamva?"

Ine ndemwe sindinamve. Chilomwe changa ndi moni ndi kutukwana basi.

Botolo lija analiswa. Unali uchi. Azakhali anatumizira mlongo wawo uchi.

Loweruka, 21 Disembala

Tobias wamwalira m'mawa kuchipatala ku Boma. Msuweni wanga, sindinamupatse ngakhale madzi akumwa.

Lamulungu, 22 Disembala

Tamuika kumanda kwathu, pafupi ndi amayi. Mtembo sukanapirira ulendo m'nyengo ino. Amene anaponya miyala ena anabwera kudzaimba nyimbo. Mayi wa njerwa uja ndiye amatsogolera. Ndinafuna kumulavulira.

Apolisi atenga anyamata angapo, ena athawira kuphiri. A Laston anabisala m'chimanga, atulukira madzulo ano maliro atatha, ati akufuna madzi osamba. Ndinawafunsa chinthu chimodzi: munawauza anzanu za mlendo? Akuti anaiwala. Kenaka akuti munthuyo akanalankhula bwinobwino. Kenaka akuti aliyense amamenya, bwanji ndikuona iwo okha.

Ndinalowa m'nyumba, kutenga mphasa yawo, nsapato, wailesi, zonse kuponya pabwalo. Anandigwira pakhosi n'kundikanikizira kukhoma mpaka ndinaona mdima. Ndinawaluma chala, ndinamva fupa. Atandisiya ndinatola musi. "Pano ndi pamudzi pa amayi anga, inu munabwera ndi chikwama. Nyamukani. Joni uja yambani lero." Apita, akudontha magazi. Sindikumva chisoni ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zikundiopsa.

Lolemba, 23 Disembala

Abambo sanadye chiyambire Lachisanu. Phewa latupa, mkono sukukwera. Ndimaganiza kuti za Namuli zathera pomwepo, koma m'mawa uno andiitana. Akuti maliro satumiza ndi wogula nyemba, mwini wake amakanena yekha. Tinyamuka mawa, matola mpaka m'malire, kwinako tikaona. Njinga ya Tobias tiitenga, Eveles waitsuka.

Ndiye nyanja ya mchere ayi, ine ulendo wanga woyamba kutuluka m'dziko ndi umenewu. Ndili ndi mantha. Mayi wokalamba akuyang'ana kumsewu kudikira anthu awiri, mwina waphika kale thobwa.

Ndinati, "Bambo, bwanji tikangonena kuti anadwala panjira? Kapena achifwamba?" Anandiyang'ana mpaka ndinazolika.

"Mlongo wanga ndamusiya zaka zonsezi, ndikamupatse moni ndi bodza? Ine ndikagwada, koma pakamwa panga sipakatseguka. Mkamwini anali wa m'nyumba mwako. Ukanena ndiwe."

"Chilomwe sindichidziwa."

"Khala pansi."

Ndakhala pamphasa ngati mwana wa sukulu, iwo kunena, ine kubwereza. Mawu ake ndi ochepa. Ndawafunsa tanthauzo, akuti, "Mwana wanu tamupha ndife." Lilime langa likukana, likupindika. Akuti bwerezanso.